Aphunzitsi a Mwale ndi mapensulo awo

Mayeso a Sitandade 8 ayamba sabata ino, ndipo aka n'koyamba kuti alembedwe pasukulu yathu aphunzitsi a Mwale kulibe. Anatisiya mu Ogasiti chaka chatha, mwera uli pachimake, ana ali pa holide. Pamaliro panayankhulidwa zambiri. Abusa ananena zawo, a komiti ya sukulu zawo, ahedi nawonso anawerenga mbiri yosalala bwino: anabadwira kuti, anaphunzitsa kuti ndi kuti, anapuma liti. Bodza munalibemo, koma munthu amene ife a kunyanja kuno tinkamudziwa sanamvekemo ngakhale pang'ono. Ndiye ndati ndilembe ine Enelesi, woyanika usipa padoko la kufupi ndi Senga Bay, amene mayeso omwewo ndinalephera. Ndaneneratu zimenezi kuti wina asadikire nkhani ya mwana wa msodzi amene anakathera ku yunivesite. Ine ndinathera pathandala la nsomba, ndipo sindikudandaula.

Aliyense amene anaphunzira kuno akamva dzina la a Mwale amaona chinthu chimodzi: bambo wamtali, woonda, malaya oyera opisira, atakhala pamwala wa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi ya Sitandade 8, lezala kudzanja ili, pensulo kudzanja linali. Ankachita zimenezi m'mawa wa tsiku loyamba la mayeso, ndipo ngakhale atapuma ntchito sanasiye. Mwana aliyense wolemba ankayenera kudzera pamwalapo. Ankamuitana ndi dzina lake lonse, osati la kudoko ayi. Mnyamata amene tonse tinkamudziwa kuti Kambuzi, tsiku limenelo ankasanduka Yosefe Banda, mpaka mwiniwakeyo kucheuka kuona ngati akuitana wina. Kenako ankati aone manja. Akamva kafungo ka nsomba, ankamulozera beseni ndi sopo zomwe ankabwera nazo kuchokera kunyumba. Ankati pepala likupita kutali, kwa munthu amene sakukudziwa, ndiye lisakafike likunena lokha kuti lachokera kwa asodzi. Ukasamba m'manja m'pamene ankakuika pensulo yako m'dzanja, yosongoka bwino. Zosongolera za m'sitolo ankadana nazo, ati zimadya pensulo ngati chiswe.

Mwana womaliza akadutsa, ankasongola pensulo ina imodzi, mosathamanga, n'kuiika m'thumba la malaya. Ife tinkati ndi ya amene angathyole yake. Koma ndikukumbukira chaka china mtsikana wina anathyoladi yake asanalowe n'komwe, ndipo a Mwale anangosongolanso yothyoka yomweyo. Ya m'thumba ija sanaikhudze.

Mayeso a boma ankawatukwana, komanso ankawalemekeza kuposa munthu wina aliyense amene ndinamuonapo. M'kalasi ankadandaula kuti amene amakonza mafunsowo sanapondepo mchenga wotentha. Amafunsa mwana zinthu za m'tauni zoti ngakhale agogo ake sanazionepo, pamene za mphepo, za ukonde, za nyengo ya usipa, zomwe mwanayo angazifotokoze ali m'tulo, sizipezekamo. Koma kholo lingoyerekeza kunena kuti mayeso ndi kutaya nthawi, mwana angopita ku ukonde, a Mwale ankasintha nkhope. Ankati pa chaka chonse pali sabata imodzi yokha imene dziko lino limafunsa mwana wa msodzi funso lofanana ndi limene likufunsa mwana wa bwana ku Lilongwe, nthawi yomweyo, pepala lomwelo. Masiku ena onse timangofunsidwa za nsomba basi. Sabata imeneyo, ankatero, palibe amene ali ndi ufulu womulanda mwana, kaya ndi kholo, kaya ndi mphunzitsi.

Mawu omalizawo anali ndi eni ake. Pali chizolowezi china m'sukulu zambiri chimene simungachipeze m'buku la malamulo. Kuno timangoti kusefa. Ana akamaliza Sitandade 7, aphunzitsi amaona amene akuoneka kuti sangakhoze, n'kuwabweza kuti abwereze, cholinga choti kalasi yolemba mayeso ikhale ya anzeru okhaokha. Zotsatira zikatuluka sukulu imamveka kuti yakhozetsa pafupifupi onse, ahedi amayamikiridwa kumisonkhano, ndipo za obwezedwa aja palibe amafunsa. Kumtunda mwina mwana wobwezedwa amapirira. Kuno nyanja ili pakhomo. Mnyamata ukamubweza, mwezi sutha asanapeze malo m'boti. Mtsikana ukamubweza, usipa ukumudikira, ndipo amuna a kudoko nawonso ali maso.

A Mwale amene ine ndinawadziwa sankasefa. Mwana akamaliza Sitandade 7 n'kunena kuti akufuna kulemba, ankamutenga, ngakhale akhale woti kuwerenga Chingerezi kumamutulutsa thukuta. Ine ndinali m'gulu limenelo. Masamu ndi ine tinkangopatsana moni patali. Ahedi a nthawi imeneyo ankafuna ndibwereze, ndipo amayi anga anali atavomera kale, poti ankafunanso wowathandiza pathandala. Tsiku lina masana a Mwale anafika pakhomo pathu, anakana mpando, anangoyankhula ali chiimire.

"Amake Enelesi," anatero, "sindikunamizani, mwanayu mwina alephera. Koma akalephere yekha m'chipindamo. Ndisamulepherere ine ndili panja."

Ndinalemba, ndipo ndinalepheradi. Anabwera okha kudoko kudzandiuza, anzanga asanandiuze mwa chipongwe, n'kuwonjezera kuti chimangirizo changa cha Chichewa akukhulupirira chinamusangalatsa wochonga. Mwina ankangonditonthoza. Koma mpaka lero ndikaona ana ali pamzere wa mayeso ndimadziwa m'mene mumakhalira m'chipinda muja, ndipo palibe amene angandiuze kuti sindinayesedwe.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Anali wovuta, wosachedwa kupsa mtima, ndipo nthabwala zawo zinkaluma. Ukawathokoza ankakwiya. Mayeso akayandikira ankayenda padoko m'mawa maboti akamakocheza, buluku atapinda, n'kumatsitsa ana a Sitandade 8 m'maboti pamaso pa eni maukonde. Wina anawalonjeza nkhafi ya pamutu, iwo anangomuuza kuti amenye msanga, belu latsala pang'ono kulira. Kutchalitchi anakana udindo uliwonse, ankakhala benchi lakumbuyo. Abusa atawakakamiza kuti azithandiza pa milandu ya mpingo, anayankha kuti ntchito yoweruza anthu anaigwirapo kale ndipo sinawayendere bwino. Ife tinkangoti ndi makani a aphunzitsi akale.

Kusasefa kwawoko kunawadanitsa ndi anthu. Zotsatira za sukulu yathu zinatsika, ndipo akamatchula sukulu za m'dera lino dzina lathu linkamveka chakumapeto. Ahedi ankabwera n'kupita, aliyense ankayamba ndi kuwanyengerera a Mwale n'kumaliza osayankhulana nawo. Pamsonkhano wina wa makolo ndinalipo, ndili kale ndi mwana kumsana. Anaimirira a Phiri, mwini maboti, amene anali wapampando wa komiti ya sukulu.

"Aphunzitsi, ife timakulemekezani," anatero a Phiri, "koma sukulu yathu yasanduka choseketsa. Tikapita ku Maganga akutifunsa ngati kuno ana amalembera mayeso m'madzi. Mbuli zimenezi mumazilowetseranji? Zikuipitsira anzawo dzina."

"Dzina la ndani?" anafunsa a Mwale, osaimirira n'komwe. "Sukulu ndi njerwa izi, a Phiri. Njerwa sizichita manyazi. Amene tikuchita manyazi ndi inu ndi ine. Ndiye mukufuna ana atisenzere manyaziwo?"

Anthu anang'ung'udza. Kenako chakumbuyo kunayankhula mkulu wina wosoka maukonde, amene sankayankhulayankhula pamisonkhano.

"Koma a Mwale, kusefaku anayambitsa pano ndani? Si inu nomwe?"

Ife achinyamata tinayang'anana, poti zimenezi sitinkazidziwa. A Mwale anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya malaya nthawi yaitali, n'kuyankha kuti, "Ndi ine." Msonkhano unathera pomwepo, ndipo chaka chimenecho analowetsanso ana onse.

Nkhani yonse anandiuza ndi akazi awo, a Nabanda, patapita zaka, tikusankha mpunga pakhonde pawo. Ati a Mwale atangofika kuno ali mnyamata, anthu anawapatsa dzina loti a Sefa. M'kalasi mwawo simunkalephera munthu, ndipo makolo ankachokera kutali kudzasiya ana kwa abale kuti aphunzire kwa iwo. Chinsinsi chake chinali kubweza. Ankabweza mopanda chisoni, ndipo anthu ankawaombera m'manja.

Mwana wawo woyamba anali Limbani. Anali mnyamata waulemu, wa manja aluso, woti njinga ya munthu ikafa ankaitana iye, koma pa buku ankayenda pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Atamaliza Sitandade 7, a Mwale anamuyang'ana m'mene ankayang'anira ana a eni, n'kuona kuti akhoza kulephera. Mwana wa a Sefa kulephera! Anamuuza kuti adikire, alemba chaka chamawa. Limbani anavomera. Chaka chamawacho chitafika anamuuzanso zomwezo. Mlongo wake wamng'ono anamupeza, anamupitirira, ndipo Limbani ankakhala kumbuyo kwa kalasi, mawondo osakwana pansi pa desiki, mawu atasintha kale.

Ndiye kunafika m'mawa wa mayeso a chaka chimene mlongo wakeyo ankalemba. A Nabanda akuti anamuona Limbani atasamba, atadzola, atavala yunifolomu imene anachapa yekha dzulo lake. Anaganiza kuti akuperekeza mlongo wake. Koma iye anakaima pamzere pamodzi ndi olemba. Nthawi imeneyo a Mwale sankakhala pamwala, ankaima pakhomo la kalasi n'kumaitana maina. Maina atatha, Limbani anatsala yekha panja.

"Ababa," anatero, pamaso pa ana onse ndi oyang'anira mayeso ochokera kwina, "ingondilolani ndilowe. Ndikalephera ndalephera."

Zinali zosatheka, poti dzina lake silinapite ku boma, ndipo Limbani ankadziwa zimenezo. A Nabanda amati mwanayo sankapempha kulowa kwenikweni, ankafuna amve chimene bambo ake anene. A Mwale anamuuza motsitsa mawu kuti asawachititse manyazi pa alendo, alemba chaka chamawa. N'kutseka chitseko.

Chaka chimenecho kalasi yonse inakhoza. Makolo anapha mbuzi pasukulu, kunali kuvina ndi nthungululu. Tsiku la mbuzi lomwelo Limbani anakwera boti lopita tsidya la nyanja, ku Makanjira, ndipo m'nyumba ya bambo ake sanagonemonso. A Mwale anamutsatirako ulendo wina. Anamupeza akukoka ukonde wa eni. Limbani anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando, anawaotchera nsomba, koma kuyambira pa moni mpaka potsanzikana ankawatchula kuti aphunzitsi. A Nabanda akuti amuna awo atabwerako anakhala masiku osadya bwino, ndipo pa mayeso otsatirawo m'pamene anaoneka koyamba pamwala paja ali ndi lezala. Pensulo ya m'thumba ija inali ya Limbani.

Atapuma ntchito, maso atayamba kuchita nkhungu, kunachitika chinthu chimene chinawadzutsanso. Tsiku lina boti la ku Makanjira linatsitsa mayi wina wa geni ya nsomba atagwira dzanja kamtsikana konyamula zovala m'jumbo. Anafunsa nyumba ya aphunzitsi. Uthenga unali wa pakamwa, waufupi: uyu ndi Tadala, mwana wa Limbani, bambo ake akuti aphunzire kuno. A Mwale anafunsa ngati panali mawu ena. Panalibe. Koma anamvetsa kuti mwana wawo wawapatsanso mwayi wina, ndipo tsiku limenelo anthu anawaona akuseka mano onse panja, chinthu chimene ena tinali tisanachionepo.

Tadala anatengera bambo ake chilichonse, mpaka chala cha pamzere. Ukadutsa pakhomo pawo akaweruka kusukulu, unkamumva akuwerenga modukizadukiza, agogo ake akumudikira liwu lililonse osamufulumizitsa, munthu yemweyo amene ife ankatikalipira tikachedwa kuyankha. Ndikawapititsira usipa ankandiuza kuti kwa Mulungu sakupemphanso zambiri, angowasungira mpweya mpaka tsiku loti adzamutchule Tadala dzina lonse pamwala paja n'kumuika pensulo m'dzanja. Akhoze, alephere, zimenezo ankati si zawo.

Anatsala pang'ono. Tadala anamaliza Sitandade 7 mu Julaye, iwo n'kugona mu Ogasiti. Chifuwa chinawagwira, miyendo inatupa. Ulendo womaliza umene ndinawaona anandifunsa ngati sukulu yatsegulira. Ndinati ayi, idakali holide. Anati ikatsegulira ndiwauze, ali ndi mawu ndi ahedi.

Limbani anabwera kumaliro, koma mwera unachedwetsa boti, anafika titaika kale. Ndi bambo wa imvi tsopano, wamtali ngati malemu. Anakaima pamanda nthawi yaitali, ali yekha. Atabwerako, a Nabanda anatulutsa m'sutikesi chitini chakale cha mabisiketi, chodzaza mapensulo osongoka, ena utoto utasuluka, ndipo panalibe ngakhale imodzi yoti inalemberedwapo. Anamuuza kuti ndi ake. Limbani anatenga imodzi, anayesa nsonga yake pachala, n'kuibwezera m'chitinimo.

"Mupatseni Tadala, amayi," anatero. "Akalembere. Ababa anasongola bwino."

A Nabanda akuti kanali koyamba kumva liwu loti ababa pakamwa pake chichokereni tsiku la pakhomo la kalasi lija. Limbani anabwerera tsidya ali ndi chikhulupiriro choti mwana wake alemba.

Sukulu itatsegulira mu Seputembala, Tadala anabwerera kunyumba dzuwa lisanakwere, n'kunena kuti amuuza akakhalenso ku Sitandade 7. Sanali yekha, anabwezedwa angapo. A Nabanda anamanga chitenje, anandiitana, tinapita kwa ahedi. Ahedi athu ndi bambo wachinyamata, waulemu, si munthu woipa ayi, pamaliro paja analira nawo. Anatipatsa mipando, n'kufotokoza modekha kuti sukulu yakhala pansi nthawi yaitali, kumisonkhano amafunsidwa mafunso owawa, ndipo kumupatsa mwanayo nthawi yokonzekera n'kumuchitira chifundo.

"Bambo," anatero a Nabanda, "mwanayu wakula. Mukamubweza simumuonanso. Ine zimenezi ndinaziona m'nyumba mwanga."

"Ndikumva, amayi," anayankha ahedi, akutikita m'manja. "Musadandaule. Chaka chamawa alemba ndithu."

A Nabanda anawayang'ana, anaimirira, n'kutuluka osatsanzika. Tinafika pa mtengo wa mango paja. Anakhala pamwala wa amuna awo n'kulira kulira kumene sanalire pamaliro. Ine ndinabwererakonso ndekha, ndinapita kwa a komiti, ndinayankhula mpaka ena anayamba kunditchula kuti a Mwale aang'ono. Maina anapita ku boma, la Tadala mulibemo.

Tadala anapirira masabata ochepa pakati pa ana omulekezera m'mapewa, kenako anasiya. Pano amandithandiza pathandala. Ndimamukalipira kuti abwerere kusukulu, amangoti chabwino anti, mawa lake ndimamupeza wafika kale ndi dengu. Kwa bambo ake uthenga sunapite. A Nabanda akuti sakudziwa ayambira pati.

Tsiku loyamba la mayeso sabata ino, Tadala anafika kudoko mochedwerapo, atasamba, manja akununkhira sopo. M'tsitsi anasomekamo pensulo imodzi ya m'chitini muja. Belu la kusukulu limamveka bwino kudoko kuno, ndipo litalira anaima, usipa uli m'manja.

"Anti, ndiye kuti alowa?"

"Alowa."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kutembenuza nsomba. Ine ntchito inandikanika. Ndinamuuza kuti ndikupita kumjigo, koma ndinalowera kusukulu.

Kunali zii, monga kumakhalira nthawi ya mayeso. Wapolisi anali pampando pakhomo la ofesi, njinga za oyang'anira zitatsamira khoma. Ndinazungulira kuseri kwa kalasi. Mwala uja ulipobe pansi pa mango, wosalala pamwamba pomwe ankakhala. Beseni palibe, sopo palibe. Ana a chaka chino sanadzerenso kuseri kuno, analowera kutsogolo, aliyense ndi pensulo yosongola yekha, ndipo palibe amene anawatchula dzina lonse. Ndinawerama kuyang'ana pansi, pamene chaka chilichonse pankagwera tizinyenyeswa ta mapensulo mpaka mphepo kutimwaza. Panali mchenga, masamba ouma, ndi mapazi a mwana mmodzi wamkulu amene anafika pamwalapo m'mawa, anaima, kenako n'kutembenukira kunyanja.